Lipoti la Msonkhano wa Aphunzitsi a Nkhonya: Za Akatswiri Akale ndi a Lero

A Pampando, akuluakulu a komiti, ndi inu nonse a kalabu yathu,

Ku Lilongwe kumene munandituma ndapitako ndipo ndabwerako bwino. Zokambirana zam'mawa sinditayirapo nthawi: zinali za kuyezetsa osewera kuchipatala asanakwere ringi, ndipo mapepala ake ndasiya kwa a mlembi. Chimene ndikufuna mumve ndi mkangano wa masana. Pa ndondomeko anaupatsa theka la ola, koma unatifikitsa kumdima, tiyi n'kuzizirira m'makapu.

Anauputa ndi mkulu wina waimvi, woyendera ndodo. Iwo anati mfumu ya nkhonya ndi Rocky Marciano, poti anapuma mu 1956 atapambana maulendo 49 osagonjapo. Mnyamata wina anadzuka n'kuwayankha mwaulemu kuti Marciano ankalemera makilogalamu 85 okha, moti lero akanamuika mu cruiserweight, gulu la opepukirapo kuposa a heavyweight olemera kwambiri aja, ndiponso kuti Joe Louis anali ndi zaka 37 pomwe Marciano ankamugwetsa mu 1951. Agogowo anagogoda ndodo pansi katatu, osanena kanthu.

Achinyamata anatenga malo. Ati akalewo anali ang'onoang'ono, Tyson Fury wa mamita 2.06 akanangowatsamira mpaka miyendo kuwalobodoka. Apa ndinakweza mkono. Ndinawakumbutsa za ku Riyadh mu May 2024, pomwe Oleksandr Usyk wa makilogalamu 101 anagonjetsa Fury wa 119, n'kudzamubwereza mu December. Usyk sasiyana kwenikweni thupi ndi Muhammad Ali, amene anali ndi makilogalamu 98 pogwetsa George Foreman ku Kinshasa mu 1974. Nanga ngati thupi ndilo limamenya, Fury anagonja bwanji kawiri?

Mfundo imene inandilowa kwambiri inachokera kwa mayi wina amene amayimbira nkhonya. Anati tisanafunse kuti akanapambana ndani, tiyambe tagwirizana kuti amenyana pa malamulo a chaka chiti. Kale nkhonya za lamba zinali maraundi 15. Zinatsika kufika pa 12 Duk Koo Kim atamwalira pambuyo pomenyana ndi Ray Mancini mu 1982. Tsono taonani: mu 1952 Jersey Joe Walcott ankatsogola pa makadi a majaji onse atatu, ndipo Marciano anamugwetsa mu raundi 13. Pa malamulo a lero belu likanalira Walcott akadali chilili, ndipo 49 ya agogo aja sikanakhalapo. Chimodzimodzi mu 1981, Thomas Hearns anali patsogolo pomwe Sugar Ray Leonard anamumaliza mu raundi 14. Sikelonso inasintha. Kale ankakwera tsiku lomenyana lomwelo, pamene lero amakwera dzulo lake, munthu n'kugona akudya ndi kumwa, m'mawa kudzuka atalemeranso.

Okanganawo sanawasiyenso a Floyd Mayweather. Ya 50 osagonja palibe anaikana, koma inatenga zaka 21. Akale ankamenyana pafupipafupi: Sugar Ray Robinson mu February 1943 anagonja kwa Jake LaMotta pa 5, anamenyana ndi wina pakati, pa 26 n'kubwezera LaMotta yemweyo. Kale magulu a kulemera anali asanu ndi atatu, lero alipo 17, ndipo malamba akuperekedwa ndi mabungwe anayi, WBA, WBC, IBF ndi WBO.

Tsopano ndiulule zimene ndinanena m'dzina lanu, mwina mundidzudzula. Ndinati Mike Tyson timamukweza mopitirira. Inde, anatenga lamba ali ndi zaka 20 mu 1986, ndipo anamaliza Michael Spinks m'masekondi 91. Koma atakumana ndi munthu wosamuopa, zinkamuvuta: Buster Douglas ku Tokyo mu 1990, Evander Holyfield kawiri, kachiwiriko mpaka kuluma khutu, kenako Lennox Lewis mu 2002. Holo yonse inachita phokoso ngati ndatukwana mfumu pamaliro. Wina anati mphunzitsi wake Cus D'Amato anali atamwalira ndipo ndende inamudyera Tyson zaka zitatu. Ndinati n'zoona, koma Ali nayenso anakhala zaka zitatu ndi theka osamenya atakana kupita kunkhondo ya ku Vietnam, anabwerera n'kugonja kwa Joe Frazier ndi Ken Norton, ndipo onsewo anawabwezera.

Sindinanene zimenezi pofuna kutchuka. Anyamata athu onse akufuna kukhala Tyson. Amalowa mutu uli pansi, kuponya zibakera zakupha, pofika raundi yachitatu lilime lili panja, manja ali m'chiuno. Jab, chibakera chowongoka cha dzanja lakutsogolo, saifuna, kuthamanga m'mawa amazemba. Isaac Chilemba wathu anatha maraundi 12 ndi Sergey Kovalev mu 2016, ndi Dmitry Bivol mu 2018. Anagonja inde, koma anamaliza ali chiimire chifukwa chodziwa kutchinga ndi kusunga mpweya.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti Loweruka likubwerali, tikamaliza masewera, tionere limodzi Ali ndi Frazier ya ku Manila ya 1975, maraundi onse 14, osadumpha. Vidiyo ndakopera pa flash. Pa ndalama ya ulendo yatsala ya chakudya chamadzulo, poti mkanganowo unandiphonyetsa nsima, ndipo ndaibweza kwa a msungichuma pamodzi ndi malisiti a basi.