Za mwana wathu wa pa shortstop uja

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Indianapolis. Ife kuno ku Joni tilipo, Mulungu akutisunga.

Uthenga wanu ndinaulandira. Mwati mnyamata wathu wayamba baseball kusukulu, amuika pa shortstop (wotchinga amene amaima pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu, mwa malo anayi aja amene womenya mpira amathamangirako motsatizana), kugwira mpira akugwira bwino koma kumenya kukumukanika, mpaka akuti akufuna kusiya. Chonde musamulole. Mumukhazike pansi mumuuze za Gift Ngoepe, mnyamata amene anakulira ku Randburg kuno, chifukwa vuto lake linali lomweli.

Gift anabadwa mu 1990 ku Polokwane, nthawi imeneyo kukutchedwa Pietersburg. Mayi ake, a Maureen, anabwera ku Joni kudzasaka ntchito monga tinabwerera ifemu, ndipo anaipeza ku kalabu ya baseball ya Randburg Mets, yosamalira nyumba ya timuyo. Anawapatsa kachipinda kamodzi pomwepo, ndipo ndi mmene ankagona ndi ana awo. Tangoganizani achimwene, mwana kungotsegula chitseko m'mawa, pakhomo pake n'kukhala bwalo la baseball. Anzake ankabwera kudzasewera n'kubwerera kwawo, iye kwawo kunali komweko.

Mu 2008 anapita ku msasa wa achinyamata umene MLB, ligi yaikulu ya baseball ya ku America, inkachititsa ku Tirrenia, m'dziko la Italy. Kumeneko a Pittsburgh Pirates, timu ya mu MLB, anamuona n'kumusayinitsa ndi madola 15,000, ndalama yochepa zedi m'masewera amenewa. Chaka chotsatira, ali ndi zaka 19, anasewerera South Africa pa World Baseball Classic, mpikisano wa matimu a mayiko, ndipo pokumana ndi Mexico anamenya kawiri konse mpira womufikitsa mpaka pa base yachitatu. Aliyense akanati basi njira yatseguka.

Koma ayi ndithu. Anakhala zaka zoposa zisanu ndi zitatu m'maligi ang'onoang'ono, kukwera pang'onopang'ono kuchokera ku Bradenton, State College, West Virginia, Altoona, mpaka kudzafika kwanu komweko ku Indianapolis. Moyo wake mukuudziwa kuposa ine: maulendo ataliatali a pabasi, malipiro osakwanira, ndipo chaka chilichonse kukubwera anyamata atsopano ofuna malo ako omwewo. Mu 2013 mayi ake anamwalira. Ife amene tinalandirapo foni ya maliro tili kutali ndi kwathu tikudziwa mmene munthu amafookera, mpaka kudzifunsa kuti kodi ndikuvutikiranji kuno. Iye anabwera kumudzi, kenako anabwereranso kukapitiriza.

Kumenya mpira sikunamuyenderepo bwino kwenikweni. Poyamba ankamenyera mbali zonse, kumanja ndi kumanzere, pambuyo pake anasiya n'kutsalira kumanja kokha kuti mwina zisinthe. Nanga n'chifukwa chiyani a Pirates sanamuthamangitse? Manja ake ndi miyendo yake. Kwa zaka zingapo ankatchulidwa kuti pakati pa anyamata onse a timuyo a m'maligi ang'onoang'ono, panalibe wotchinga m'kati mwa bwalo woposa iye. Ndinaonerapo mavidiyo ake pa YouTube. Mpira ukubwera ukunjanja pansi mwaliwiro, iye wanyamuka kale, wawerama, waulandira m'gulovu, ndipo usanaone n'komwe kuti wausinthira liti kudzanja lamanja, wauponya kale ku base yoyamba. Ntchito imeneyi siichititsa phokoso ngati home run (kumenya mpira kamodzi n'kuzungulira ma base onse), koma mphunzitsi aliyense amadziwa kuti shortstop wabwino amapulumutsa timu tsiku ndi tsiku. Kwa ine, mwana wathuyo ali kale ndi mphatso yovuta kuiphunzitsa. Kumenya adzakuphunzira akamakula, mphamvu zikamabwera m'mapewa.

Tsiku lake linafika pa 26 April 2017, pa bwalo la PNC Park ku Pittsburgh, akusewera ndi Chicago Cubs amene anali atangotenga chikho cha World Series, cha akatswiri a MLB, chaka chapitacho. Analowa m'chigawo chachinayi pa base yachiwiri. Ulendo wake woyamba kugwira ndodo anakumana ndi Jon Lester, woponya mpira wodziwika, ndipo anaumenya n'kufika bwinobwino pa base yoyamba, pomwe anakumbatirana ndi mphunzitsi Kimera Bartee. Anakhala munthu woyamba wobadwira ndi kukulira kuno ku Africa kusewera mu MLB. Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti kuno kunali kutalowa kale pa 27 April, tsiku limene South Africa imakumbukira ufulu wake. Pirates inapambana 6-5.

Mwanayo musamubisire mbali inayi. Gift sanakhalitse pamwambapo. Chaka chimenecho anasewera magemu 28, kenako anapita ku Toronto Blue Jays komwe anangosewerako pang'ono mu 2018. Ena amati ndiye kuti analephera. Ine zimenezo ndimakana kwamtuwagalu. Kuchoka m'kachipinda ka ku Randburg, m'dziko la mpira wamiyendo, rugby ndi cricket, n'kukaima pamaso pa Lester, ndi angati angachite? Ngakhale mng'ono wake Victor anadzasayina ndi Pirates yomweyo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Loweruka lina mumutenge mnyamatayo mupite naye ku Victory Field, komwe Gift ankasewera. Mukakhale mbali ya base yachitatu, ndipo mumuuze kuti asamangotsatira mpira, aziyang'ana mapazi a shortstop mpira usanaponyedwe. Mukabwerako mundiimbire, ndikufuna ndimve kuchokera pakamwa pake zimene waona.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ine m'bale wanu,
wa ku Joni