Kalata yochokera ku Kolkata

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko, alamu ndi ana omwe. Kuno kutentha kwake si kwamasewera, koma tikukhala.

Sabata yatha ndinadutsa mumsewu wa Bowbazar, ndipo ndinakumbukira mawu ako aja a kusekondale, akuti sayansi ndi ya anthu opeza bwino amene alibe ntchito ina yowatangwanitsa. Tamva nkhani ya C. V. Raman, katswiri wa sayansi wa ku India, mwina usintha maganizo.

Raman anafika mumzinda uno, umene panthawiyo unkatchedwa Calcutta, mu 1907 ali ndi zaka 18. Anabwera kudzagwira ntchito yowerengera ndalama za boma la atsamunda a ku Britain. Mzindawu ndiwo unali likulu la India mpaka 1911, ndipo padoko pake sitima zinkanyamula tiyi ndi jute wopangira ziguduli, phindu lalikulu n'kumathera ku London. Ndiye taganizira, mnyamata wanzeru chonchi masana onse akusunga mabuku a chuma cha eni ake ena.

Tsiku lina ali mu tramu, kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda, anaona chikwangwani cha Indian Association for the Cultivation of Science, bungwe lofufuza za sayansi, panyumba nambala 210 mumsewu wa Bowbazar womwewu. Bungweli analikhazikitsa dokotala wachimwenye, Mahendralal Sircar, mu 1876. Kuyambira pamenepo Raman ankalawirira kumeneko mbandakucha, kenako n'kupita ku ofesi, madzulo n'kubwereranso. Mu 1917 anasiya ntchito ya bomayo n'kukakhala pulofesa pa University of Calcutta, ngakhale malipiro ake anali ochepa kwambiri. Iwe ndi ine tikanatero? Ine ndikukayika.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi ulendo wake wa pa sitima yapanyanja mu 1921. Lord Rayleigh, katswiri wolemekezeka wa ku England, anali atanena kuti nyanja imaoneka yabuluu chifukwa imangobweza mtundu wa thambo. Raman anayang'ana madzi a Mediterranean kudzera mukagalasi kochotsa kunyezimira kwa thambo, koma ubuluu uja sunachoke. Anazindikira kuti madziwo pawokha ndi amene amamwaza kuwala. Funso limeneli analitsatira mpaka pa 28 February 1928, pomwe iye ndi K. S. Krishnan, amene ankafufuza naye limodzi, anatsimikiza kuti kuwala kukadutsa m'madzi kapena m'mankhwala, kachigawo kochepetsetsa kamatuluka katasintha mtundu, chifukwa kasinthana mphamvu ndi tizidutswa ta chinthucho. Chinthu chilichonse chimasintha kuwalako mwa njira yakeyake, ngati chidindo cha chala. Makina ena ogwira m'manja oyezera mankhwala achinyengo masiku ano amadalira zimenezi.

Tsono ona mmene zinawombanira. Mu 1929 mfumu ya ku Britain inamupatsa ulemu wa "Sir". Chaka chotsatira, mu March ndi April, Gandhi, mtsogoleri wa omenyera ufulu wa India, anayenda wapansi makilomita pafupifupi 390 kukafika ku Dandi, m'mbali mwa nyanja, kukatola mchere pofuna kutsutsa msonkho wa atsamunda, ndipo anthu masauzande ambiri anamangidwa. Mu December chaka chomwecho cha 1930, Raman anali ku Stockholm, m'dziko la Sweden, kulandira mphoto ya Nobel, munthu woyamba wa ku Asia kuilandira pa sayansi, koma ngati nzika ya ufumu wa Britain. Dziko lake linadzapeza ufulu patapita zaka 17.

Uwapatse moni amayi. Undiuzeko ngati chimanga chakhwima bwino chaka chino.

Ndine mnzako wa kalekale