Tibzale tokha timaungu tating'ono kuseri kwa nyumba

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za butternut, timaungu tija timagula modula pa msika wa Kapata ngati tachokera kunja, chonsecho timabereka bwinobwino konkuno ku Chipata. Ine ndinayesa chaka chatha mvula itangokhazikika, ndinakumba mapando motalikirana mita imodzi nkuthiramo manyowa a nkhuku owolerana (aawisi amawotcha mizu, ndinaphunzirapo kale pa tomato), nthanga zitatu phando lililonse, zitamera ndinazula yofooka nkusiya ziwiri.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amataya mtima: maluwa oyamba amakhala aamuna okhaokha ndipo amangothothoka, amayi akunyumba mpaka anati bambo mwagula mbeu yafeki inu, koma patapita masiku pang'ono anatuluka aakazi, amene amakhala ndi kadzungu pansi pake. Njuchi ndizo zimagwira ntchito yonse yonyamula mungu kuchoka ku maluwa aamuna kupita ku aakazi mmawa, ndiye osapopera mankhwala nthawi imeneyo ayi. Komanso chonde musamalize masamba onse kuthyola chibwabwa, mbeu imadyera momwemo, ine ana ndinachita kuwaletsa.

Pamatenga miyezi itatu kapena kupitirira pang'ono kuti timaungu tikhwime. Mukaona phesi lauma ndipo chikhadabo sichikulowa pakhungu, dulani mosiyako kaphesi, yanikani masiku angapo, mukasunga pouma mudya mpaka nyengo yozizira. Nthanga za mpaketi yolembedwa F1 osasunga zobzala chaka chamawa, zimabereka zina ndi zina.

Wowerenga wanu,
Kapata, Chipata