Joni sinagwe koma yaima: tiwerenge kaye tisanagulitse munda

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mawu pa mtsutso umene sukutha pabwalo la bawo, m'maminibasi a ku Namwera ndi pamzere wa pasipoti pano pa Boma: kodi South Africa, dziko lotsogola pa chuma kuno kummwera kwa Africa, likubwerera m'mbuyo? Ena akuti Joni inatha kale. Ena amakulozera nyumba ya malata, njinga yamoto pakhonde ndi sola padenga, n'kukufunsa kuti dziko lakugwa lingatumize zimenezi? Kuno ku Mangochi yankho la funsoli ndi limene limachititsa banja kugulitsa mbuzi, bwato kapena dimba kuti mnyamata akwere basi, choncho liyenera kuyankhidwa ndi nambala.

Ife tikuona motere: dzikolo likadali lolemera, koma chuma chake chaima kwa zaka zoposa khumi, ndipo ululu wake ukugwera anthu apansi, pomwe ana athu amakafikira. Chimene chikutiphimba m'maso n'chakuti kwacha yathu ikugwa mofulumira kuposa randi.

Pakati pa 2004 ndi 2007 chuma cha South Africa chinkakula ndi pafupifupi 5 peresenti pachaka. Kuchokera mu 2015 kufika 2024, mukaphatikiza zaka zabwino ndi zoipa, kukulako sikufika 1 peresenti pachaka, pomwe anthu akuchuluka ndi kuposa 1 peresenti. Kalembera wa 2022 anapeza anthu 62 miliyoni. Ufa mumphika ndi womwewo koma manja pambale akuwonjezeka. Mukagawa chuma chonse cha chaka kwa munthu aliyense, mu 2011 gawo la mmodzi linkaposa madola 8,000. Mu 2024 linali cha m'ma 6,000.

Ulova ndiwo ukuonetsa bwino. Mu 2008 anthu 23 mwa 100 ofuna ntchito ankaisowa. Mu 2024 ndi 2025 nambalayi yakhala pakati pa 31 ndi 34. Mukawerengera ndi amene anatopa kufunafuna n'kungokhala pakhomo, imapitirira 40. Kwa achinyamata a zaka 15 mpaka 24 ofuna ntchito, asanu ndi mmodzi mwa khumi alibe ntchito. Mnyamata wa ku Makanjira wongotsika basi ku Park Station, wopanda chilolezo chogwirira ntchito, akukalimbirana ganyu ndi khamu limenelo. Apa ndi pomwe pamachokera mkwiyo umene unapha anthu 62 mu May 2008, n'kubukanso ku Durban mu 2015 ndi ku Johannesburg mu 2019. Palibe chifukwa chimene chingalungamitse kupha mlendo, koma tidziwe nkhuni zimene zikukoleza motowo.

Nanga chinaimitsa dzikolo n'chiyani? Choyamba ndi magetsi. Chikalata cha boma lomwelo cha mu 1998 chinachenjeza kuti pofika 2007 magetsi adzaperewera ngati sipamangidwa malo atsopano opangira mphamvu. Boma linachedwa, ndipo kumapeto kwa 2007 kuthima kunayambadi. Pulezidenti Thabo Mbeki anachita kupepesa. Anayamba kumanga malo awiri akuluakulu a malasha, Medupi ndi Kusile, aliwonse a mamegawati pafupifupi 4,800, koma ntchito inachedwa ndi zaka zambiri, ndalama zinapitirira kwambiri pa zimene anakonza, ndipo makina ena anapezeka ndi zolakwika kuyambira pa mapulani. Podikira zimenezo, kampani ya boma ya magetsi ya Eskom inkathamangitsa makina akale a zaka 40 osawapumitsa kuti akonzedwe. Aliyense amene ali ndi injini ya boti kapena chigayo akudziwa mathero a injini yosaona sevisi. Pofika 2023, mphamvu imene makina a Eskom ankatha kupereka inali yongopitirira pang'ono theka la imene anapangidwira, ndipo chaka chimenecho magetsi anathima masiku oposa 330.

Kuti timvetse kukula kwake: kumeneko kuthima amakuika m'masiteji, ndipo siteji iliyonse ndi mamegawati 1,000 ochotsedwa pa nthambo. Malawi yense, kuphatikiza Nkula, Tedzani, Kapichira ndi sola wa ku Salima, safika mamegawati 600. Pa siteji 6 ankazimitsa magetsi okwana a Malawi khumi. Buledi wa mu uvuni amaonongeka, nyama ya mu butchala imaola, wowotcherera zitsulo amangokhala. Bwana akaona choncho sachotsa akauntanti. Amayamba ndi wa ganyu, wa m'galadeni ndi wotsuka mbale. Kuthimaku kunachepa kwambiri kuyambira kumapeto kwa March 2024, ndipo limeneli ndi gawo loyamikika, koma mtengo wa magetsi unakwera ndi 18.65 peresenti mu 2023 ndi 12.74 peresenti mu 2024, ndipo boma linachita kusenza R254 biliyoni ya ngongole za Eskom.

Chachiwiri ndi njanji. Kampani ya boma ya Transnet inanyamula matani 226 miliyoni m'chaka cha 2017/18. Pofika 2022/23 inali itatsikira cha m'ma 150 miliyoni. Akuba amadula nthambo za kopa usiku, mitu ya sitima yambiri inaima chifukwa chosowa zipangizo, ndipo malasha ndi miyala ya mtengo wapatali zinayamba kuyenda pa malole n'kumakumba misewu. Komiti yofufuza ya jaji Raymond Zondo inaonetsa mmene makampani a boma awiriwa anadyedwera m'nthawi ya Jacob Zuma. Ngongole ya boma, imene inali yosafika 30 peresenti ya chuma cha dziko mu 2008, mu 2024 inali cha m'ma 75 peresenti, ndipo pa randi iliyonse ya msonkho masenti oposa 20 amapita ku chiwongoladzanja.

Akuluakulu a kuno amene anapita pa Wenela ndi pa Teba, mabungwe olemba anthu ntchito za m'migodi, amakumbukira Joni ina. Mu 1970 dzikolo linakumba golide wokwana matani 1,000, oposa theka la golide yense wa padziko lapansi chaka chimenecho. Lero limakumba cha m'ma 100. Golide wapafupi anatha. Mgodi ngati Mponeng umatsika pafupifupi makilomita anayi pansi, komwe kuziziritsa mpweya kokha kumadya magetsi ochuluka. Migodi ya golide inkalemba anthu oposa theka la miliyoni m'ma 1980, pano safika 100,000. Kumayambiriro kwa ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa kulemba anthu. Zinayambiranso mu 1977 n'kutheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Ntchito ija inali yankhanza, ya m'nthawi ya tsankho, ndipo ambiri anabwerako ndi chifuwa cha fumbi. Koma inali ya kontrakiti: malo ogona, chakudya, ulendo wobwerera ndi gawo la malipiro lolandirira kuno kumudzi. Mdzukulu wawo lero alibe chilichonse mwa zimenezi.

Tikhale achilungamo: pali zambiri zimene zinapita patsogolo ndipo sizinabwerere. Mu 1996 nyumba 58 mwa 100 zinkaunikira magetsi. Mu 2022 zinali pafupifupi 95. Kuno kwathu nyumba zolumikizidwa ku ESCOM sizifika imodzi mwa zisanu. Anthu oposa 25 miliyoni amalandira ndalama za chithandizo ku boma mwezi ndi mwezi, ngakhale kuti wolowa ndi chidindo cha mlendo sizimukhudza. Mitengo ya zinthu kumeneko inakwera ndi pakati pa 4 ndi 5 peresenti mu 2024, pomwe kuno inakwera ndi kuposa 30. Mabanki ndi olimba, makhoti amagamula motsutsa boma, ndipo gawo la munthu mmodzi pa chuma ndi loposa la Mmalawi pafupifupi kakhumi. Choncho wonena kuti Joni yafanana ndi kuno akunama.

Tsopano pa nkhani ya kwacha, pomwe mabanja ambiri akusokonekera. Mu 2011 dola imodzi inali pafupifupi R7, ndipo kuno inali cha m'ma K150 mpaka K165. R1,000 inali madola pafupifupi 140, kapena K22,000. Mu 2024 dola inali pafupifupi R18, ndipo kuno, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, inali cha m'ma K1,750 kubanki. R1,000 yomweyo inasanduka madola 55 okha, koma ikafika pa foni ya amayi ku Katuli imaoneka ngati K95,000 kapena kuposa. Wolandira amati mwana zikumuyendera. Zoona zake n'zakuti randi yataya kuposa theka la mphamvu zake pa dola, kungoti kwacha yataya kakhumi. Funsani kuti K22,000 inkagula matumba angati a simenti kapena feteleza mu 2011, ndipo K95,000 ikugula angati lero. Pamenepo ndi pomwe mudziwe ngati randi yakuladi.

Banja limene likuganiza zotumiza mwana lichite masamu awa pa pepala, m'marandi. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka, mu March 2025, anaikidwa pa R28.79 pa ola, ndipo amakhudzanso antchito a m'nyumba ndi a m'minda. Pa mtengo umenewo, wogwira maola 45 pa sabata, mwezi wathunthu, amapeza pafupifupi R5,600. Koma wongofika kumene kawirikawiri sapeza ntchito ya tsiku ndi tsiku. Akapeza ganyu ya maola asanu ndi atatu, masiku atatu pa sabata, ndi R230 patsiku, pafupifupi R3,000 pamwezi, ndipo apo n'kuti bwanayo akutsata lamulo. Wopanda mapepala amalipidwa zochepera, ndipo ngakhale bungwe loweruza milandu ya pantchito la CCMA limamva madandaulo a wantchito aliyense, ndi ochepa amalimba mtima kukaonekera. Pa ndalamayo chotsani lendi, takisi yopita ndi kubwera tsiku lililonse la ntchito, chakudya, magetsi a mayunitsi, foni, ndi mtengo wotumizira ndalama pa Mukuru kapena kwina. Nambala zimenezi musazitenge kwa dobadoba kapena kwa wonyamula anthu, amene phindu lake lili pa mpando wa basi. Zitengeni kwa m'bale amene ali komweko, ndipo mumufunse za mwezi umene zinavuta, osati umene anatumiza firiji. Kenako muone kuti chotsalacho chilowa kangati mu ndalama zonse za ulendo, kuyambira pasipoti, basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndi chakudya cha miyezi iwiri kapena itatu yoyamba yopanda ntchito. Yankho lake ndi miyezi imene idzadutse mundawo usanabwezedwe. Ikapitirira chaka, ganizani kawiri, chifukwa munda umabala chaka chilichonse.

Pali msampha wina wa lamulo umene ambiri amaudziwa mochedwa. Mmalawi amalowa popanda viza kwa masiku 30 okha, ngati mlendo, ndipo chidindocho sichilola kugwira ntchito. Malamulo a mu 2014 amati wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitirira kuposa pamenepo amaletsedwa kwa zaka zisanu. Ndiye onani zimene zimachitika: mnyamata wapitirira miyezi itatu, akudziwa kuti akatuluka pachipata sabwereranso, choncho satuluka. Maliro a bambo ake amamvera pa foni. Mkazi amene anamusiya ndi mimba amalera yekha mpaka mwana ayamba sukulu. Umatchona wambiri wa masiku ano umayambira pa chidindo chimenechi. Ena amapereka pasipoti kwa madalaivala kuti akaidinditse kumalire. Chidindo chabodza chikapezeka pa kompyuta, mlandu umakula kuposa wa kupitirira masiku. Wogwidwa amakasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira basi yomubweza chimanjamanja.

Ndipo moyo si malipiro okha. M'chaka cha 2023/24 dzikolo linalemba anthu ophedwa oposa 25,000, oposa 70 patsiku. Lendi ikavuta, anthu amakathera m'nyumba zosiyidwa za pakati pa mzinda, zogawidwa ndi mabolodi ndi makatoni, zopanda madzi, zowunikira makandulo, khomo limodzi lokhoma ndi unyolo poopa akuba. Nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, mumzinda wa Johannesburg, inali yotero. Itapsa usiku wa pa 31 August 2023, anthu 76 anafa, ndipo Amalawi anali m'gulu lawo. Chikomekome cha nkuyu, akulu anatero, m'kati muli nyerere. Zithunzi za pa WhatsApp zimajambulidwa pa sitolo yaikulu, osati m'chipinda chogona anthu asanu ndi mmodzi.

Sitikuletsa munthu kupita. Nsomba zachepa m'nyanja ya Malombe, minda yachepa, ndipo randi zamanga nyumba ndi kulipira fizi m'midzi yambiri ya boma lino. Amene ali ndi luso lenileni, monga telala, makaniko, mmisiri wa matailosi kapena wophika, akupezabe malo. Pempho lathu likupita ku ofesi ya za ntchito pano pa Boma, ku nthambi yoona zolowa ndi kutuluka, kwa mafumu, mashehe ndi abusa: pamalo potengera pasipoti paikidwe chikwangwani cha m'Chichewa ndi m'Chiyao chonena za masiku 30, za chiletso cha chaka chimodzi ndi cha zaka zisanu, ndi za malipiro ovomerezeka pa ola, chosinthidwa mwezi wa March uliwonse pomwe malipirowo amasintha. Ma wailesi a m'dera lino aziwerenga nambala zomwezo monga amawerengera mitengo ya chimanga. Ndipo mfumu imene yabweretseredwa kalata yogulitsa munda kuti mwana apite ku Joni, isanadinde, iyambe yaona pepala la masamu lija.

Ndife owerenga anu,
Mangochi Boma