Tiuzeni zoona za mbewu tisanagule

Akonzi,

Zikomo pondipatsa mpata mu nyuzipepala yanuyi. Mvula yayandikira ndiye m'mashopu monse mwadzaza mapaketi a mbewu ya chimanga, pa wailesi nde osanena, kampani iliyonse ikuti yathu ndi yobereka kwambiri matumba akutiakuti pa ekala. Chimene chikundiwawa ine nchoti mlimi wakumudzi akutulutsa ndalama zambiri chonchi koma sakuuzidwa kuti mbewu wanyamulayo imatenga masiku angati kuti ikhwime, imapirira matenda ati, ndipo ikalowa munkhokwe ikhala bwanji. Zinthu zitatu zimenezi ndi zimene zimapangitsa kuti banja lidye mpaka February kapena liyambe maganyu mu October, koma palibe amene akuzikamba momveka.

Ine ndimalima kuno ku Balaka komwe mvula imabwera mochedwa nkudukanso msanga, pakati pa January kapena February ng'amba siilephera. Mchemwali wanga anakwatiwa ku Thyolo, kumeneko mvula ndi yambiri, mmawa kumadzuka nkhungu masamba ali chinyowere mpaka dzuwa litakwera. Minda iwiri imeneyi siingafune mbewu imodzi. Koma tikapita kokagula, makamaka nthawi ya makuponi ija, timapeza mtundu umodzi kapena iwiri yomwe galimoto yatsitsa basi. Ukafunsa mnyamata wa mushopu kuti achimwene yabwino ndi iti, iye amangoloza nkunena kuti anthu akutenga iyi. Sindikumunena mnyamatayo ayi, iyenso sanaphunzitsidwe, shopu yomweyo akugulitsamo sopo, mchere ndi mabatire. Pa paketipo zolemba zilipo koma ndi zachizungu, zing'onozing'ono, zina ndi zilembo zitatu zokha monga GLS kapena MSV zomwe agogo anga sangadziwe kuti akunena matenda.

Titenge chitsanzo cha mbewu za Seed Co poti maina ake aliyense amawadziwa. Kalulu, Kanyani, Mbidzi, Mkango, Njobvu. Anthu ambiri amaganiza kuti Njobvu poti ndi nyama yaikulu ndiye kuti ndi mbewu yoposa zonse kulikonse, pamene nkhani yagona pa nthawi yokhwimira. Nambala yoyamba ya pa paketi ndi imene imakuuza, SC 303 (Kalulu) ndi SC 403 (Kanyani) ndi zocha msanga, SC 627 (Mkango) ndi yapakatikati, SC 719 (Njobvu) ndi yochedwa ndipo imafuna dera la mvula yokwanira komanso feteleza wokwanira. Ukaipatsa zimenezo imabereka zedi, palibe angatsutse. Koma mbewu iliyonse yochedwa, ya kampani iliyonse, ukaidzala kwathu kuno mvula nkuduka chimanga chikungotulutsa kumene ngayaye, ndevu zimauma mungu usanagwire ndipo ukolola zitsononkho zamagweru. Yocha msanga zitsononkho zake ndi zazing'onopo koma imathawa ng'amba, pofika nthawi imene dzuwa lalusa iyo maso akhwima kale. Chaka cha El Niño chija boma linalengeza mu March 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo m'mudzi mwathu amene anapezako kachakudya anali amene anadzala yocha msanga ndi mvula yoyamba.

Ndiye pali nkhani ya matenda imene ndikuona kuti tikuipeputsa. Chiwawu chimene alangizi amachitcha grey leaf spot, GLS ija, chimayamba masamba a munsi, timabala totuwa tatitalitali towongoka bwino motsata mitsempha ya tsamba ngati wina walemba ndi rula, kenako timalumikizana tsamba lonse nkuuma, nkumakwera mmwamba nthawi yomwe chimanga chikufunika masamba obiriwira kuti chidzaze maso. Munda umaoneka ngati wakhwima msanga kumachita kusangalala, ukamakolola ndi pamene umaona kuti chimanga ndi chopepuka, mapesinso ofooka amangogwa ndi mphepo chiswe nkumalizitsa. Matendawa amakonda malo a chinyontho ndi nkhungu ngati kwa mchemwali wanga kuja, ndipo amagona m'mapesi a chaka chatha. Apa ndi pamene ndimafuna alangizi azinena zonse, amatiuza kuti tiziphimbira ndi mapesi osatentha, zabwino ndithu chifukwa chinyezi chimasungika, koma akuyenera kuwonjezera kuti ngati munda unagwidwa chiwawu ndiye chaka chotsatira dzalanipo mtedza, soya kapena nandolo, kapena bweretsani mbewu yopirira chiwawucho. Mbewu zopirira zilipo, makampani akudziwa kuti iyi imalimba iyi siilimba, nanga bwanji osalemba mu Chichewa pa paketi?

Matenda enanso ndi a maize streak, MSV ija, masamba amachita mizeremizere yachikasu chimanga nkupinimbira, chikagwidwa chili chaching'ono sichibereka nkomwe. Amene amafalitsa ndi tizilombo ting'onoting'ono todumpha toyamwa masamba, ndipo amavuta kwambiri pa chimanga chodzala mochedwa ndi cha kudimba chifukwa tizilomboto timangochoka pa munda wina kupita pa wina chaka chonse. Ambiri akaona chikasu chija amati ndi njala ya feteleza, amathira urea wodula uja osaona kusintha. Chomera chikagwidwa palibe mankhwala ochiza, chitetezo chenicheni ndi mbewu yopirira ndi kudzala nthawi yabwino. Pano boma likulimbikitsa ulimi wa mthirira, ndiye funso loti mbewu iyi imapirira streak kapena ayi likuyenera kukhala loyamba kwa aliyense wa kudimba.

Za mbozi za fall armyworm aliyense akuzidziwa, zinatipeza mu nyengo ya 2016 ndi 2017 ndipo pofika December 2017 boma linalengeza za ngozi m'maboma 20. Kumapeto kwa 2020 a CIMMYT, bungwe la padziko lonse lofufuza za chimanga ndi tirigu, analengeza mitundu itatu ya haibulidi yopirira mbozizi. Kupirira sikutanthauza kuti mbozi siidya, imadya ndithu koma chimanga chimaberekabe, ndiye mlimi asauzidwe bodza loti asiye kuyendera munda. Ine ndikufuna kudziwa kuti mbewu zoterezi zili pati pa msika wathu ndipo dzina lake pa paketi ndi chani.

Koma nkhani imene amuna ovala mataye amaiiwala ndi ya pa mtondo. Amayi athu akamakana mbewu ina sikuti ndi umbuli. Chimanga cha makolo maso ake ndi olimba, ukakonola gaga amachoka yekha mphale nkutsala yathunthu yoyera bwino. Haibulidi yofewa ija yokhala ndi kadzenje pamwamba pa diso, ukangoti munsi kawiri katatu yaphwanyika, popeta theka likupita ku madeya, ndiye thumba limene unanyadira kumunda pofika pa ufa woyera lachepa. Nankafumbwe naye amayamba yofewayo. Chinanso ndi makoko, mbewu ina chitsononkho chimatulukira kunsonga makoko osatseka, mvula ya kumapeto ikalowa chimaola nkuchita chuku, anankafumbwe amalowanso chikadali kumunda. Ndaonapo mayi wina pa chigayo akutsegula thumba mu August muli fumbi lokhalokha, anangokhala pansi osayankhula. Nankafumbwe wamkulu uja amene analowa mdziko muno kuchokera ku Tanzania amaboola ngakhale nsungwi za nkhokwe.

Akatswiri athu a ku Chitedze anaimva nkhani imeneyi kalekale. Kale kunali haibulidi zofewa za mtundu wa SR52 yochokera ku Rhodesia, anthu ankalima yogulitsa ku ADMARC koma yodya pakhomo ankadzala ya makolo. Mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18 mothandizana ndi a CIMMYT, haibulidi zolimbirako maso zoti mayi akhoza kukonola osadandaula, ndipo anthu anazilandira chifukwa ofufuzawo anamvera zimene amayi ankanena. Phunziro limeneli lisatayike. Lero tikamayesa mbewu tisamangoyeza makilogalamu pa sikelo tsiku lokolola, tiziyezanso ufa umene watuluka ndi mmene chimangacho chilili patatha miyezi isanu munkhokwe.

Palinso mbewu zija za ZM zomwe si haibulidi. ZM 309 ndi ZM 523 zinatuluka mu 2009 ngati mbewu zopirira chilala, alimi mpaka anazipatsa maina, ina Msungabanja ina Mwayi. Ubwino wake ndi woti ukhoza kusunga mbewu nkubwereza zaka ziwiri zitatu bola munda usayandikane kwambiri ndi chimanga cha mtundu wina, pamene haibulidi ukabwereza zokolola zimatsika ndipo munda umatuluka wosiyanasiyana china chachitali china chachifupi. Kwa munthu amene sangakwanitse kugula paketi chaka chilichonse mbewu zimenezi ndi chipulumutso, koma kuzipeza mushopu ndi ntchito, mwina poti phindu lake kwa ogulitsa ndi lochepa. Ndiye anthu akungobwereza haibulidi ya zaka zitatu zapitazo nkumati feteleza wa masiku ano ndi wopanda mphamvu.

Sindikunena kuti tibwerere ku chimanga cha makolo tonse ayi, chimachedwa kucha ndipo zokolola zake nzochepa poyerekeza ndi haibulidi yosamalidwa bwino. Koma tisachinyoze mpaka kutha, chifukwa kulimba kwa maso ndi kutseka kwa makoko kumene tikukufunaku kuli mmenemo, ndipo ofufuza akamapanga mbewu zatsopano amabwerera komweko. Ku Dedza kuli chimanga cha makolo chofiirira chija amati Mthikinya chomwe chili ndi vitamini A, anthu anachisunga okha popanda kampani.

Komanso abale, kodi nchifukwa chani tikukakamira chimanga ngakhale malo amene chimakana? Ku Chikwawa ndi Nsanje mapira ndi mchewere zimapirira dzuwa limene chimanga sichingalimbe. Kuli mapira a Pilira ocha msanga, aafupi, amene ofufuza athu anatulutsa. Vuto lake ndi mbalame, mapira oyera otsekemera ukadzala wekha m'mudzi monse ndiye kuti ana sapita kusukulu akuingitsa mbalame, ndiye pamafunika kudzala anthu ambiri nthawi imodzi. Palinso kaufiti amene amayamwa mizu ya chimanga ndi mapira omwe makamaka pa nthaka yoguga. Zonsezi mlangizi akuyenera kumuuza mlimi asanasankhe, koma mlangizi mmodzi ali ndi midzi yosawerengeka, njinga yomwe ilibe matayala, timuona liti?

Chomaliza chimene chikundiopsa ndi mbewu yachinyengo ndi yolowa mozemba. Mavenda ena amatenga chimanga wamba nkuchipaka utoto wofiira kapena wobiriwira nkuika mu paketi yooneka bwino, mlimi amazindikira mu March zinthu zitaonongeka kale. Ndipo kuli matenda oopsa a maize lethal necrosis amene kuno ku Africa anaoneka koyamba ku Kenya mu 2011 nkufika ku Tanzania, amaumitsa munda onse, amayenda ndi tizilombo komanso mbewu. Ife ndi Tanzania tangolekana mtsinje wa Songwe, ndiye amene akubweretsa mbewu za m'matumba osadziwika kudzera njira zachidule akuika dziko lonse pa chiswe. Lamulo latsopano la mbewu linadutsa mu 2022, tikufuna tione likuluma, ogwidwa atchulidwe poyera.

Pempho langa kwa a unduna wa zamalimidwe, a Seed Services Unit oona za ubwino wa mbewu ku Chitedze ndi makampani onse a mbewu ndi loti paketi iliyonse ilembedwe mu Chichewa ndi Chitumbuka ndi zilembo zazikulu, masiku okhwimira, madera oyenera, matenda amene imapirira ndi amene siipirira, ngati ndi yokonoleka, ngati makoko amatseka, komanso ngati ndi yobwereza kapena ayi. Pa ofesi ya alangizi ya dera lililonse (EPA) ndi pakhomo pa shopu iliyonse yogulitsa mbewu pamatidwe chipepala cha mitundu yoyenera dera limenelo. Minda yachionetsero isamakhale m'mbali mwa msewu waukulu mokha mothiridwa feteleza wodzadza, ikhalenso mkati mwa midzi pa nthaka ngati yathuyi, ndipo tsiku lokolola amayi abwere ndi mitondo akonole aone okha. Inunso akonzi tithandizeni, mwezi uno mvula isanagwe tipatseni tsamba limodzi lokha muitane akatswiri a ku Chitedze, Bvumbwe ndi LUANAR atiuze boma ndi boma mbewu zoyenera, ife tidzajambula tsambalo nkutumiza m'magulu a WhatsApp a kumudzi.

Ndine mlimi wokhudzidwa,
Balaka