Kodi ndisiye kuchezera m'mapemphero kuti tulo tibwerere?

Alangizi,

Ndine mayi wa zaka zopitirira 50, wokhala ku Highfield kuno ku Harare, ndipo makolo anga anachokera ku Dedza. Kusowa tulo kwandisautsa kwa nthawi yaitali. Madzulo ndimagona bwinobwino, koma pakati pa usiku ndimadzidzimuka, mtima n'kuyamba kuwerenga lendi, ngongole ndi ana amene ali ku Johannesburg, mpaka ndimve makombi oyamba akuitanira anthu opita m'tauni.

Adokotala anakana kundiwonjezera mapiritsi ponena kuti thupi limawazolowera, ndipo ananditumiza kwa katswiri wa zamaganizo. Iwowa anandifotokozera kuti kulephera kugona masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi itatu ndi matenda ofunika chithandizo, ndipo njira imene akundithandizira, yotchedwa CBT-I (yosintha maganizo ndi zizolowezi za kagonedwe), ndi imene bungwe la madokotala la ku America lotchedwa American College of Physicians linalimbikitsa mu 2016 kuti izikhala yoyamba mankhwala asanaganiziridwe. Malamulo ake ndi ouma: kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, osagona masana, kulemba m'kabuku mmene ndagonera, ndiponso kuchoka pabedi ngati papita mphindi pafupifupi 20 tulo tisanabwere, kuti ubongo usazolowere kuti bedi ndi malo odandaulira.

Pagona nkhani ndi apa. Ndine wa m'chigwirizano cha amayi, ndipo kumpingo kwathu timakhala ndi mapemphero ochezera, osanenanso za maliro, kumene timaimba mpaka kucha. Katswiriyo andipempha kuti ndisiye kuchezera kwa milungu ingapo. Amayi anzanga ena akuti ndabwerera m'mbuyo, ndipo akundikumbutsa Masalimo 127:2, pamene akuti Mulungu amapatsa tulo okondedwa ake, ngati kuti wosagona ndiye kuti sakondedwa. Sindigwirizana nawo, chifukwa ndaona ndekha anthu opemphera akupeza mpumulo pa Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare, kumene agogo ophunzitsidwa amamvetsera nkhawa za anthu atakhala pabenchi kunja kwa chipatala. Komabe mawu a amayi anzangawo amandilasa, makamaka ndikalingalira kuti pa maliro a mwamuna wanga iwowa ndi amene anagona pamkeka pambali panga.

Palinso china chimene sindinauze aliyense. Ndikagwada usiku, pemphero langa limasanduka kuchonderera tulo, diso lili pawotchi, ndipo ndimaimirira mtima ukugunda kuposa kale.

Ndithandizeni, alangizi. Kodi ndingapemphere motani nthawi imene ndachoka pabedi kuti pempherolo lindikhazike mtima pansi? Nanga ndiwafikire bwanji abusa kuti andimasule pa kuchezera kufikira chithandizochi chitatha, popanda kuoneka ngati ndataya anzanga pa nthawi ya chisoni?

Ine wosowa tulo,
Highfield, Harare