Kwa mwana wanga, za kalasi yako ya bioinformatics ija

Mwana wanga,

Amayi ako andiuza kuti akupatsa kalasi ya bioinformatics, maphunziro aja ofufuza majini a zamoyo pa kompyuta, semesita ino, ana a biology a chaka chachitatu, ndiye ndati ndikulembere poti pafoni umakhala pachangu. Ine zaka zanga zonse zathera pa maikulosikopu kuwerenga tizilombo ta malungo pa silaidi, za Linux ndi Python ndimangozimvera kwa iwe, koma ana obwera ku labu kudzaphunzira ntchito ndawaona ambiri ndipo ndikudziwa pomwe amagwera mphwayi.

Chonde tsiku loyamba usawatsegulire chisikirini chakuda chija cholembapo makomandi olamula kompyuta nkumati lembani ls, lembani cd. Ambiri mwa anawo anasankha biology pothawa masamu, ena achokera ku CDSS komwe kompyuta ankangoiona muofesi ya a hedi, laputopu aigwira koyamba atafika ku koleji konko. Ukayamba ndi makomandi theka la kalasi lingokhala duu nkumakopera za anzawo, iwe nkumayesa kuti amva.

Yamba ndi chloroquine. Nkhani imeneyo ndi yathu ya mu Blantyre momwe muno. Mu 1993 Malawi inali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine nkuyamba Fansidar, chifukwa mwana ankamaliza mankhwala onse thupi likadali moto, ukabwereza silaidi tizilombo tidakali mbwee, ine ndinaziona ndi maso angawa ndipo zinkawawa kuuza mayi wake. Vuto linali loti pa maikulosikopu kachilombo kokana mankhwala ndi kakumva mankhwala sungatisiyanitse, tonse ndi kamphete kabuluu kokhala ndi kadontho kofiira basi. Kusiyana kunabisala mu jini ya kachilomboko yotchedwa pfcrt, pamalo a 76 pa mndandanda wa zilembo za puloteni yake pomwe K inasanduka T. Ndiye iwe uwapatse ma sequence awiri, ndiye kuti mindandanda ya zilembo ija, ya kachilombo ka mtundu wa 3D7 komva mankhwala ndi ya ka Dd2 kokana, awandanditse okha mpaka aone CVMNK pamwamba, CVIET pansi. Akaona zimenezo ndi pamene uwauze kuti titasiya chloroquine tizilombo tokana tija tinayamba kuchepa, mpaka kafukufuku wa ku Ndirande amene anatuluka mu 2006 anapeza chloroquine ikuchizanso ana 99 mwa 100 alionse. Usawayankhire chifukwa chake, asiye akangane kaye. Mwana amene zamudabwitsa zimenezi makomandi aja adzachita kukupempha yekha. Koma uwachenjezenso asakauze anthu kumudzi kuti ayambirenso chloroquine ayi, mankhwala a malungo panopa ndi LA.

Palinso bakiteriya ija ya Salmonella ya mtundu wa ST313 imene imalowa m'magazi a ana, sampulo yake yotchedwa D23580 yomwe malabu ambiri kunja amagwiritsa ntchito inachokera mwa mwana wa kuno ku Blantyre mu 2004. Anawo azidziwe zimenezi. Ife nthawi yathu tinkangotenga magazi, kulemba manambala pa machubu, kulongedza mu ayezi nkutumiza kunja, zotsatira zake nkumadzazimva patapita zaka. Chimene ndimafunitsitsa nchoti odwala akakhala a kuno, wowerenga ma data aja akhalenso mwana wa ku Bangwe kapena ku Chilomoni, ndipo mwana ameneyo ali mkalasi mwakomo.

Za magetsi ndi netiweki ukudziwa kale mmene zilili. BLAST, pulogalamu ija yofufuzira ma sequence ofanana ndi yako pa webusayiti ya NCBI ya ku America, imafuna intaneti ndipo bandulo ya mwana wasukulu siyochitira nayo masewera, ndiye mafayilo onse uzitsitsiratu usiku nkuika pa fulashi, fulashiyo izizungulira. Usawasenzetse genome ya munthu, DNA yake yonse ija, zilembo 3 biliyoni laputopu ya kaunjika siingakwanitse, ngakhale ya falciparum, kachilombo ka malungo, ya 23 miliyoni idikire kaye, yamba ndi jini imodzi kapena kachilombo ka Covid ka zilembo pafupifupi 30,000 komwe kamatseguka bwinobwino. Magetsi akathima kalasi isathere pomwepo, tulutsa mapepala ndi mapensulo andanditse pamanja zilembo makumi awiri, A pansi pa A, G pansi pa G, aone okha pomwe payenera kusiyidwa mpata, akatero zomwe kompyuta imachita sizikhalanso zamatsenga. Ukawakhazika awiriawiri pa laputopu imodzi uziyang'ana amene wagwira kiyibodi, chifukwa anyamata amakonda kuilanda atsikana nkumangolemba manotsi, uziwasinthitsa iweyo.

China chomwe chimandidetsa nkhawa ndi kukhulupirira kompyuta mopitirira. Mu labu kanyenyeswa ka utoto wa Giemsa wothira pa silaidi kamatha kuoneka ngati kachilombo, ndipo wophunzira wapupuluma amalemba positive munthu nkumwa mankhwala asakudwala malungo. BLAST nayo chimodzimodzi, nthawi zambiri imakupatsa kanthu ndithu, ndiye aphunzitse kuyang'ana E-value, nambala yosonyeza ngati kufananako kungakhale kwamwayi chabe, kuyang'ana kuti zafanana kutalika bwanji, nkudzifunsa ngati yankholo likugwirizana ndi komwe sampuloyo inachokera. Pamayeso usawafunse kuti bioinformatics nchiyani, amenewo angoloweza, uwapatse sequence yopanda dzina akuuze kuti ndi ya chamoyo chanji ndipo atsimikiza bwanji.

Wofunsa funso looneka lachibwana usamuseke ngakhale anzake aseke, ndipo likakuvuta iweyo ungonena kuti ukafufuza, sachepa nazo mphunzitsi. Ngati pali mwana amene alibiretu laputopu, ija yakale ya mlongo wako ili mkabati muno, batire inafa koma pamagetsi imayaka, udzaitenge Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Amayi ako akuti moni, akutinso usamadumphe nkhomaliro.

Ndine bambo ako.